Kutentha kwa m'holo nakonso kumawerengedwa

M'mwezi wa Okutobala kutentha m'cigwa ca Luangwa kumapyola madigiri 40 masiku ena, ndipo anthu a m'boma la Chama adziwa mmene holo ya malata imasandukira ng'anjo msonkhano usanafike pakati. Ena amati mankhwala ake ndi kugula makina oziziritsa mpweya, aja ochedwa air conditioner. Koma makina aakulu motani?

Makinawa sapanga cisanu ai. Nchito yao ndi kucotsa kutentha m'nyumba ndi kukakutaya panja, monga munthu wokapa madzi m'bwato lobooka. Cotero mmisiri wanzeru amayamba waŵerenga kutentha kolowa, ndipo muyeso wake ndi mawati.

Amayambira pa anthu. Munthu wamkulu wongokhala pansi amatulutsa kutentha kwa mawati pafupifupi 100. Anthu 300 ndiye kuti mawati 30,000, cimodzimodzi mbaula zamagetsi 30 zoyaka pamodzi, anthuwo asanayambe n'kuvina komwe.

Kenaka amayang'ana denga, ndipo apa ndi pamene pagona nkhani. Dzuwa la masana limathira mawati pafupifupi 1,000 pa malo a mita imodzi m'litali ndi mita imodzi m'lifupi. Denga la mamita 20 m'litali ndi 10 m'lifupi limalandira mawati 200,000. Kwina kumabwerera kumwamba, kwina kumapita ndi mphepo, koma ngakhale gawo limodzi lokha mwa magawo khumi litalowa, amenewo ndi mawati 20,000. Pamodzi ndi a anthu aja akwana 50,000, osaŵerengera mazenera a kumadzulo, nyale ndi mpweya wotentha wolowera pakhomo.

Ogulitsa amachula mphamvu ya makina m'matani. Tani imodzi ndi mawati pafupifupi 3,500, ndiko kutentha kosungunula tani ya madzi oundana pa maola 24. Holo ija ifuna matani oposa 14, pamene makina a m'cipinda cogona nthawi zambiri amakhala a tani imodzi.

Makina ocepa amalira tsiku lonse koma anthu ali thukuta kamukamu. Opambanitsa kukula naonso ali ndi vuto: amaziziritsa msanga ndi kuzima asanacotse cinyezi, ndipo nthawi ya dzinja holo imakhala yonyowa. Cinyezi si cinthu cocepa. Ndico cimene Willis Carrier anali kulimbana naco pamene anapanga makina otere mu 1902, m'nyumba yosindikizira ku Brooklyn, ku America.

Komiti yomanga chalichi kapena holo ya sukulu siingacepetse anthu, koma ingacepetse za denga. Siling'i, malata opakidwa utoto woyera, khonde ndi mitengo ya mthunzi kumadzulo zimadula mawati ambiri popanda magetsi. Denga la udzu la makolo limacita nchito yomweyo. Mawati 3,500 alionse otsekeredwa panja ndi tani imodzi imene komiti siidzagula, ndiponso siidzalipirira magetsi mwezi ndi mwezi.