"Zikayenda bwino tidzakuitanani"

Asisi, aliyense amene anachotsedwapo ntchito amawadziwa mawu amenewa. Abwana amawanena akumwetulira: "Kampani ili pamavuto, ndalama zanu mulandira mwezi wamawa." Mwezi uja umatha, wina nʼkuthanso. Foni sakuyankha. Mukapita kugeti, mlonda yemwe munkadya naye chiwaya amangoti abwana ali kumsonkhano.

Ndikamacheza ndi amayi amene anachotsedwa mʼmashopu, mʼmasaluni ndi mʼmafakitale, sindimva akudandaula kwambiri kuti ntchito inatha. Amadziwa kuti bizinesi imagwa. Anaona okha mmene zinthu zinakwerera Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu 2023. Chimawawa ndi chakuti anapusitsidwa. Ankaweruka usiku popanda ovataimu, ankalola malipiro kuchedwa, chifukwa ankauzidwa kuti "pano ndife banja limodzi". Tsiku lochotsedwa, ubale uja unathera pageti. Ena anazindikira mochedwa kuti ndalama ya penshoni imene ankadulidwa mwezi ndi mwezi sinkafika nʼkomwe kukampani ya penshoni.

Ife atsikana tinaleredwa kuti tizipirira, tisamaoneke amwano. Ndiye timapempha ndalama yathu yomwe mochita kunyengerera, ngati tikupempha chithandizo. Ayi ndithu, imeneyo ndi ngongole.

Lamulo la Employment Act la 2000 likuti ngati mwagwira chaka chathunthu ndipo akuchotsani chifukwa chochepetsa antchito, akupatseni severance allowance: malipiro a milungu iwiri pa chaka chilichonse cha zaka zisanu zoyamba, milungu itatu pa chaka chachisanu nʼchimodzi mpaka chakhumi, milungu inayi kupyola apo. Za penshoni, inu mumadulidwa 5 peresenti, olemba ntchito amaonjezera 10 peresenti, ndipo yonseyo ndi yanu.

Akuluakulu anati fodya wako ndi uyo ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. Choncho lonjezo lililonse lilembedwe, lisainidwe, likhale ndi deti. Sungani kontirakiti, mapepala a malipiro ndi mauthenga a pa WhatsApp. Funsani sitetimenti ya penshoni mukadali pantchito. Akayamba kukuzungulitsani, pitani ku ofesi ya leba ya mʼboma lanu msanga. Zikakanika, kuli Industrial Relations Court. Musapite nokha, tenganani onse amene munachotsedwa limodzi.

Landilodi sadikira kuti zinthu ziyende bwino. Inu mukudikiriranji?