Tiziseka Nduna, Osati Mlonda

Amene amati Amalawi sitidziwa kuseka akuluakulu sanaonepo gule. Kudambwe kumatuluka Simoni, nkhope yake psuu ngati mzungu wopsa ndi dzuwa, ndipo makolo athu ankamuseka atsamunda akadali pampando. Pamtondo amayi ankaimba mwamuna waulesi, mpongozi wankhanza, ngakhale nyakwawa yokondera milandu. Luso lotonza wamphamvu tinali nalo kamera isanabwere. Nanga linathera kuti titagula kamera?

Lowani m'kanyumba koonetsera vidiyo ku Ndirande kapena ku Bangwe, kapena mungotsegula foni, muone timafilimu toseketsa ta kwathu kuno. Wosekedwa amakhala ndani? Mlonda wogona pantchito, wakumudzi woopa kuwoloka msewu wa Chipembere, chidakwa cha kachasu, mayi wonenepa, munthu amene Chichewa chake chikumveka Chilomwe kapena Chisena. Mmphawi akulipira pakhomo kuti akaseke mmphawi mnzake. Ine ndikuti umenewu ndi mantha ovala chigoba cha nthabwala.

Anzathu sanatero. Mu 1940, Hitler akunjenjemeretsa Ulaya yense, Charlie Chaplin anatulutsa The Great Dictator. M'menemo wolamulira wankhanza amavina ndi chibaluni cha dziko lapansi, kuchiponya m'mwamba ngati ndi chake, mpaka chinamuphulikira m'manja. Mwina mukuti uko n'kwa azungu, ali ndi ndalama. Chabwino, tiyeni ku Senegal. Mu 1975 Ousmane Sembène anapanga Xala. Akatundu akuda alanda mipando ya azungu mokuwa za ufulu, koma asanatenthetse n'komwe mipandoyo, azungu omwewo awagawira aliyense chikwama chodzaza ndi ndalama. Mmodzi wa iwo, El Hadji, asokoneza mpunga woyenera kupita kwa anthu ovutika kuti akwatire mkazi wachitatu, ndipo usiku waukwati apezeka kuti wagwa mumpapaya. Galimoto yake amaitsuka ndi madzi a m'botolo ochokera ku France. Sembène sanatchule dzina la nduna iliyonse, komabe boma linadula zigawo zina za filimuyo. Wakuba amadziwa yekha pamene pali dzina lake.

Kodi ife nkhani zotere zikutisowa? Chimanga cha m'nkhokwe za boma chinagulitsidwa, mu 2002 anthu n'kumadya gaga ndi zitsa za nthochi. Chaka chomwecho akuluakulu anali kalikiliki kufuna kusintha malamulo kuti mtsogoleri akhalitse pampando. Mu 2013, pa Cashgate, mamiliyoni ankapezeka m'mabuti a galimoto za antchito aboma amalipiro ochepa. Mu 2022 tinamva kuti K750 miliyoni ya feteleza inapita ku kampani ya ku UK yogulitsa nyama. Feteleza kubutchala! Mlembi akanapeka zimenezi tikanati wanyanya mabodza. Boma limatilembera lokha sewero, ife n'kumajambulabe mlonda.

Chowiringula chakale ndikuchidziwa, ndipo panthawi yake chinali choona. Lamulo la 1968 linapatsa Censorship Board mphamvu pa filimu, buku ndi sewero lililonse. Jack Mapanje anatsekeredwa ku Mikuyu kuyambira 1987 mpaka 1991 popanda kuzengedwa mlandu. Wailesi ya kanema sitinakhale nayo kufikira 1999. Koma taonani, m'masiku oopsawo olemba ankaphiphiritsa, omvera n'kumatola okha. Kamuzu anachoka pampando mu 1994. Amene anabadwa chaka chimenecho lero ali ndi ana kusukulu. Tidzanamizira nkhalambayo mpaka liti?

Chotitseka pakamwa masiku ano si Mikuyu, ndi mimba. Wopanga filimu ku Chilomoni amayang'ana bungwe loti limulipire, ndipo bungwe limafuna uthenga wa kondomu, neti ya udzudzu ndi kusamba m'manja. Zabwino ndithu, koma palibe bungwe lomwe lidzalipire kuti uvule mkulu amene limasainirana naye mapangano. Ena amadikira nyengo yachisankho kuti akaseketse anthu pamsonkhano bwana asanafike, madzulo alandire envelopu. Galu amene wamponyera fupa sakuuwa.

Ndiye pali njira ina ija. Du Chisiza Jr, amene masewero ake ankaluma, anakhala nduna m'boma la Kamuzu mu 1993. Michael Usi, Manganya wa mu Tikuferanji, analowa m'nduna mu 2020 ndipo mu 2024 anakhala wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko. Si mlandu, ndale ndi ufulu wa aliyense. Koma woseketsa akalowa m'nyumba ya mfumu, pabwalo amatsala ndani woti aiseke mfumuyo? Izeki anatisiya mu 2016, Jakobo mu 2021, ndipo awiriwa ankatha kubaya wamkulu uku iye mwini akuseka.

Achinyamata a ku Machinjiri ndi ku Zingwangwa, musandiuze za zipangizo. Foni ili m'thumba mwanuyo imajambula bwino kuposa makamera amene TVM inayambira. Jekete lakuda mukalipeza pakaunjika mumsika wa Ndirande. Galimoto yokhala ndi buti mubwereka kwa amalume. Thumba la feteleza lopanda kanthu lili kuseri kwa nyumba, ndipo butchala ali pa Chinseu pomwepa.