Pakhonde la Amalume: Bwato Lobwereka Kapena Kusema Lako?



Mwezi wathawu ndinakachezera mwana wa mlongo wanga ku Area 23 mu Lilongwe. Mnyamatayu amaoda usipa ndi mpunga ku Nkhotakota nkumagulitsa kwa amayi a m'tauni. Titatha kuswali Isha anandiuza za kukhosi: "Amalume, ndikufuna nditseke geni chaka chimodzi, ndikaphunzire kulemba mapulogalamu a kompyuta, ndipange app yanga yogulitsira nsomba. Fizi bambo akatenge kwa akatapila."

Ndinamufunsa kuti makasitomala ake ndi angati. Atawerenga, sanafike 30.

Kwathu kunyanja mnyamata sayamba usodzi ndi kugwetsa mtengo wosema bwato. Amayamba wakwera la eni ake, adziwe mwera, adziwenso pamene utaka umapezeka. Pa malonda a pafoni ndi chimodzimodzi. Zida zokonzeratu zilipo kale. WhatsApp Business, yomwe inatuluka mu 2018, imalola munthu kuika zithunzi za katundu ndi mitengo yake. Google Forms imalandira maoda, Excel imawerengera phindu, ndipo ndalama zimadzera pa Airtel Money kapena TNM Mpamba. Zonsezi sizifuna ukatswiri wolemba mapulogalamu, koma foni ndi bando basi.

Komatu bwato lobwereka lili ndi mwini wake. Pa 4 October 2021, WhatsApp, Facebook ndi Instagram zinazima dziko lonse kwa maola pafupifupi 6, ndipo amene ankadalira pamenepo pokha anagwira njakata. Ndiye manambala a makasitomala ndi mayina a okongola azikhalanso m'kope. Chipembedzo chathu chinatilangiza kale kuti ngongole izilembedwa.

Sindikunyoza maphunziro ayi. Kufunafuna nzeru ndi udindo wa Msilamu aliyense, wamwamuna ndi wamkazi. Mu Lilongwe momwemo, Rachel Sibande anakhazikitsa mHub mu 2013 kuti achinyamata aphunzire luso lotere. Koma app imafuna kulipira posungira ndiponso kuikonza ikafa, ndipo siyibweretsa yokha ogula. Nthawi yosema lako imakwana pamene maoda achuluka mpaka zida zaulere zija zayamba kukuchedwetsa.

Za katapila ndiye ndinakanitsitsa. Riba ndi haramu, ndipo ukonde wa bambo ake, womwe umadyetsa banja lonse, sungakhale chikole cha app yomwe sinagulitsepo ndowa imodzi ya usipa.

Tinamvana chonchi: geni isatsekedwe, masana azigulitsa ndi zida zokonzeratu, ndipo akaswali Fajr aziphunzira ola limodzi, fizi yake ichokere m'phindu. Makolo, mwana akabwera ndi pempho lotere, musamukalipire, komanso musathamangire kukongola. Yambani mwamufunsa chiwerengero cha ogula ake.

Tidzachezanso m'kope likudzali, Insha Allah.