Fumbi n'lathu, kafukufuku ngwa ena

Mu 2021 boma lidapereka laisensi ya mgodi wa niobium ku Kanyika, kwa Inkosi Mabulabo, m'boma lathu lomweli la Mzimba. Miyala ya kumeneko ilinso ndi uranium. Ndiye ndikufunseni anzanga: ndi mwana uti wa kuno amene akuphunzitsidwa kuyeza madzi a m'zitsime ndi fumbi la kumeneko, kuti mawa anthu akayamba kutsokomola tidzakhale ndi poyerekezera?

Si ku Kanyika kokha. Ocheka matabwa ku Chikangawa amapuma utuchi tsiku lonse. Alimi a fodya kuno ku Champhira amapopera mankhwala opanda chotchinga kumphuno, ndipo akathyola fodya wonyowa chikonga chimalowa pakhungu, munthu n'kuyamba kusanza. Lamulo loteteza anthu pa ntchito lilipo kuyambira 1997, koma lamulo silidziyezera lokha fumbi. Pamafunika anthu odziwa ntchitoyo.

Anthuwo amaphunzirira pa ma internship a kafukufuku. Nanga ma internship-wo ali kuti? Ambiri ali ku Blantyre ndi ku Lilongwe. Ine ndidapezapo malo amodzi nditangomaliza digiri, koma ka ndalama kake sikanakwane lendi ndi thiransipoti. Malowo adapita kwa mnzanga amene ankagona kwa azakhali ake m'tauni momwemo. Sindimuda, ngwanzeru. Koma musandiuze kuti tidapikisana pa nzeru zokha. Tidapikisana pa yemwe ali ndi wachibale m'tauni.

Chowawa n'chakuti ofufuza akafika kuno amatifuna. Mafunso awo sangayende popanda Chitumbuka. Amatilemba masabata awiri, timazungulira midzi ndi tabuleti, amatipatsa alawansi, basi. Kusanthula zomwe tapezazo satiphunzitsa, ndipo pa lipoti dzina lathu palibe.

Ena akuti kupatula malo a ana a kumidzi ndi quota ina. Ayi ndithu. Sindikupempha kuti mutsitse magiredi. Ndikuti kafukufuku aliyense wochitikira ku Mzimba azitenga ophunzira a konkuno, aziwalipira zoti munthu n'kukhalira, ndipo aziwalowetsa mpaka mu labu.

Mlendo ndi mame. Pulojekiti ikatha, galimoto zimabwerera pa M1 kudzera pa Jenda. Wotsala ndi chitsimecho ndi amayi anga, ndiye woyeza madzi ake akhale munthu amene adzamwenso madziwo.