Tinsomba Tokhala m'Zigoba za Nkhono

Sabata ino tisiye pang'ono za cimanga ndi manyowa, tikambe za nsomba. Koma si nsomba za ndiwo ai. Izi ndi zowetera m'thanki yagalasi, zongoona ndi maso, ndipo tikhulupira kuti aphunzitsi a m'masukulu a kumudzi, ndi makolo amene ali ndi ana a cidwi, adzakondwa kuzidziwa.

Kumpoto kwa dziko la Zambia kuli doko la Mpulungu, pa Nyanja ya Tanganyika. Nyanja imeneyi ndiyo yakuya koposa zonse za mu Africa, ndipo maiko anai agawana madzi ace: Zambia, Tanzania, Burundi ndi Congo. Pansi pace pali malo ena amene mcenga suoneka konse cifukwa ca zigoba za nkhono zakufa. Madzi a m'menemo ali ndi laimu wambiri, cotero zigobazo sizisungunuka msanga, zangounjikana zaka zambirimbiri. M'zigoba zimenezi mukhala tinsomba ta fuko limodzi ndi cambo, utaka ndi mbuna za m'Nyanja ya Malawi. Kamodzi ka tinsombati anakalemba m'mabuku katswiri wa nsomba George Boulenger m'caka ca 1906, ndipo lero akachula kuti Neolamprologus multifasciatus. Dzina lalitali, mwini wace wamfupi: kamphongo kafika masentimita 4 kapena 5 basi, kakazi kaceperanso.

Kansomba kali konse kali ndi cigoba cace, ndiyo nyumba yace. Kagona momwemo, kakaona mdani kathawira momwemo, ndipo tsiku lonse kakhalira kutola mcenga ndi pakamwa ndi kukalabvulira kutali, monga mai wosesa pabwalo. Kakazi kaikira mazira m'kati mwa cigoba, nikakhala pakhomo kupepeza madzi ndi zipsepse kuti mazira apeze mpweya. Ana akaswa sathamangitsidwa. Akula pakati pa akulu ao, mpaka pansi ponse pasanduka mudzi wa zigoba, wokhala ndi malire ndi mikangano yace. Inu a kunyanja mudziwa kuti cambo sicitero, cisunga mazira ndi ana m'kamwa. M'Nyanja ya Malawi mulinso kansomba ka mtundu wa mbuna kobisala m'zigoba za nkhono zazikulu za pamcenga, koma iko kalera ana m'kamwa monga cambo, ndiponso nkaukali, kafuna malo aakulu.

Tsono mukafuna kuweta tinsomba ta ku Tanganyika muyambe motere. Pezani thanki yagalasi yolowa malita 40, ndiwo zigubu ziwiri zija za malita 20. Ikhale yotambalala, isakhale yaitali m'mwamba, pakuti tinsombati tikhala pansi pokha. Iikeni pa tebulo lolimba, cifukwa madzi okhawo alemera makilogalamu 40, ndipo pakhale pamthunzi. Dzuwa likaomba pagalasi madzi atentha ndi kumera ndere. Pansi thirani mcenga wosalala wa kumtsinje, wotsuka bwino mpaka madzi otsukira ayere, ndipo ukwere ngati zala ziwiri. Miyala ya tsakalabwe sifunika, idzatilepheretsa kukumba.

Zigoba zikhale zambiri, ziwiri kapena zitatu pa kansomba kali konse, zikacepa nkhondo siitha. Zigoba za nkhono za kumunda, zija tizipeza polima, zigwira nchito bwino. Sankhani zazikulu ngati dzira la nkhuku, muziwiritse, muzitsuke m'kati. Poziika m'thanki muzitembenuze-tembenuze m'madzi kuti mpweya wotsala m'kati uturuke.

Apa tinene mau amphamvu. Musatume ana kukatola nkhono kudambo kapena m'madzi odikha a m'mbali mwa nyanja. M'madzi otere mukhala tinkhono tating'ono tosunga tizirombo ta likodzo, ndipo tizirombo timeneti tilowa pakhungu la munthu woima m'madzimo. Nkhono yamoyo ya m'madzi isalowe m'thanki mwanu konse. Mwana akayamba kukodza magazi mupite naye kucipatala, mankhwala alipo, musayese kuti ndi cizindikiro ca kukula monga ena anena.

Za madzi: tinsombati tifuna madzi a laimu onga a kwao. Madzi a pamjigo, aja acedwa kucita thobvu pocapa, kawirikawiri ndiwo oyenera. Madzi a mvula sayenera. A pampopi wa m'tauni ali ndi mankhwala, cotero ayambe agona m'ndowa yosabvundikira tsiku lathunthu. Ndowayo ikhale ya nsomba zokha. Cigubu cimene munasungiramo mankhwala a thonje, a fodya kapena a ng'ombe, ngakhale mutacitsuka kakhumi, cidzapha zonse usiku umodzi. Sopo nayenso asakhudze thanki.

Ambiri alakwa pofulumira. Athira madzi lero, mawa aikamo nsomba, sabata isanathe zafa. Cifukwa cace nci: zonyansa zimene nsomba zituruka nazo zisanduka ululu m'madzi. Pali tizirombo tabwino tosaoneka ndi maso timene tidya ululu umenewo, koma tifuna masabata anai kufikira asanu ndi limodzi kuti ticuruke mumcenga. Tsono thanki ikhale yopanda nsomba nthawi yonseyo, inu muzingoponyamo kacakudya pang'ono masiku ena kuti tiziromboto tipeze podyera. Mlimi saika nkhuku m'khola asanafolere denga.

Nthawi ikakwana muikemo tinsomba tisanu kapena tisanu ndi kamodzi, kuti pakhale tamphongo ndi takazi. Mugule kwa anthu oweta ndi ogulitsa nsomba zotere amene ali ndi cilolezo. Musaiwale kuti ku Cape Maclear, m'madzi a Lake Malawi National Park imene inakhazikitsidwa m'caka ca 1980, kugwira mbuna nkoletsedwa.

Madzi azikhala ofunda, pakati pa madigiri 24 ndi 27. Ku Salima, ku Mangochi ndi ku Cigwa ca Shire palibe bvuto lalikulu, koma ku Dedza kapena ku Mzimba m'miyezi ya June ndi July madzi azizira koposa, ndipo popanda cotenthetsera ca magetsi tinsomba tidwala. Amene muli ndi sola mungagule kapampu kouzira mpweya m'madzi, kadya moto pang'ono. Ngati mulibe, musacurutse nsomba. Sabata iri yonse cotsani malita 8 a madzi akale, muthire atsopano pang'onopang'ono kuti musagwetse mudzi wa zigoba.

Cakudya cikhale cocepa, cimene tingathe kumaliza pa mphindi ziwiri, kamodzi kapena kawiri pa tsiku. Usipa wouma wosathira mcere, wosinja bwino, ukwanira. Mphutsi za udzudzu za m'migolo ya pakhomo tizikonda koposa, ndipo apo mwaphanso adani anu asanamere mapiko.

Tikakhazikika tidzaswana, ndipo m'miyezi yowerengeka thanki idzadzaza. Pamenepo gawirani sukulu ina kapena mnzanu amene wakonza thanki yace. Musatitaye mumtsinje, m'damu kapena m'Nyanja ya Malawi. Ndi nsomba zacilendo kuno, zingathe kulanda malo a nsomba zathu kapena kuzipatsa matenda, ndipo zikalowa m'nyanja palibe khoka limene lingazicotsenso.