MADZI OSAMBITSIRA GARU: OZIZIRA KAPENA OFUNDA?

Alimi anzathu, kapena ena adzadabwa poona kuti pa tsamba lino, pamene timakamba za mbeu, manyowa ndi kusankha fodya, lero talembapo za kusambitsa garu. Adzafunsa kuti, kodi nkhani za ulimi zatha? Iai, sizinathe. Taganizani za usiku umene nguluwe zalowa m'munda chimanga chiri chachiwisi, kapena za m'bandakucha wa mwezi wa Epulo, fodya ali lendelende m'chigafa, mwini wache ali m'tulo tofa nato. Mlonda amene amadzuka osapempha malipiro ndani? Ndiye garu. Koma garu wowonda, wodzala nkhupakupa, wa zironda pamsana, sauwa mbala ndipo sathamangitsa anyani. Chifukwa chache kasamalidwe kache ndi nkhani ya ulimi ndithu.

M'midzi mwathu timamva maganizo awiri pa nkhani imeneyi. Ena amati garu ndi chiweto cholimba, kungomponya m'dziwe kapena kumthira ndowa ya pachitsime basi kwatha. Ena amati madzi atereke pamoto atenthe kwambiri, kuti nkhupakupa ndi utitiri zife. Ife tikuti onse awiri alakwa. Madzi oyenera garu ndi ofunda pang'ono chabe, onga amene mai amasambitsira khanda lache.

ZA MADZI OZIZIRA

Thupi la garu wamoyo wabwino limatentha madigiri 38 kufikira 39 pa muyeso wa Celsius, pamene la munthu limakhala pa 37. Chimene chimasunga kutentha kumeneku ndi ubweya wouma, pakuti pakati pa ubweya pamakhala mpweya umene umamfunditsa monga bulangeti. Ubweya ukanyowa bulangeti lija lachoka, ndipo mphepo imatenga kutentha kwa thupi msanga. M'miyezi ya Juni ndi Julayi, kumapiri monga ku Dedza ndi ku Viphya, kapena pa masiku a chiperoni ku Thyolo ndi ku Mulanje, munthu wovala malaya awiri amanjenjemera. Nanga garu wonyowa?

Tisanamepo: garu wamkuru wonenepa, akathiridwa madzi a pachitsime masana dzuwa likuwala, adzadzikutumula ndi kuthamanga, osadwala konse. Amene amapwetekedwa ndi ofooka: tiana, garu wokalamba, wowonda, wodwala, ndi wamkazi amene wangoswa kumene. Tiana ta garu sititha kudzifunditsa tokha m'masabata oyamba, ndicho chifukwa chache timagona mounjikana pa mimba ya mai wao. Kagaru kosakwana masabata 8 musakasambitse m'madzi. Mungokapukuta ndi kansaru konyowa ndi madzi ofunda, ndi kukaumitsa pomwepo.

Palinso zifukwa zina ziwiri. Choyamba, madzi ozizira sachotsa bwino litsiro la mafuta, ndipo izi azidziwa mai ali yense amene anatsukapo mphika wa nyama m'mamawa wa Juni. Chachiwiri, garu saiwala. Mukamdzidzimutsa kamodzi ndi madzi ozizira, tsiku lina akangoona ndowa adzathawira kuthengo, ndipo mukamgwira mokakamiza angathe kuluma mwana amene wamgwira chingwe.

ZA MADZI OTENTHA

Kulakwa kwachiwiri ndiko koopsa koposa. Khungu la garu ndi lopyapyala kupambana la munthu, ngakhale liri lobisika m'ubweya. Tsono dzanja la mlimi, limene lagwira mpini wa khasu zaka zambiri, silimva kutentha msanga. Madzi amene chikhatho chanu chiti ali bwino angathe kumuwaula garu. Ubweya umasunga madzi otenthawo pa khungu, ndipo chironda chimabisika masiku angapo kufikira ubweya utayamba kusosoka. Pamenepo nchenche zimapeza pokhala, ndipo mwayamba nchito yaikuru ya kuchiza chironda chimene mwachipanga nokha.

Nanga nkhupakupa zija zafa? Iai. Nkhupakupa imazika kamwa lache m'khungu ndi kukakamira zolimba, ndipo madzi okha saimiza msanga. Madzi otentha mokwanira kuipha adzayamba apsereza garu. Muizule ndi kopanira, kapena ndi zala zokutidwa ndi kansaru, pogwira pafupi ndi khungu ndi kukoka pang'ono pang'ono mosapotokola, ndipo muiponye pamoto. Muyang'ane makamaka m'makutu, m'khosi ndi pakati pa zala za kumapazi. Musazinyozere, pakuti nkhupakupa zimapatsa garu matenda a magazi amene amamfoketsa, kumuyeretsa nkhama, ndipo kawiri kawiri amamupha.

Madzi owira ali nayo nchito yache, koma si pa thupi la garu ai. Mazira ndi mphutsi za utitiri sizikhala pa garu, zimakhala pa chiguduli chimene amagonapo ndi m'fumbi la pakhonde. Chiguduli chimenecho ndicho muchinyike m'madzi owira ndi kuchiyanika padzuwa, ndipo pogona pache musesepo kawiri kawiri. Kusambitsa garu ndi kumbwezera pa chiguduli chakale ndi kutaya sopo pachabe.

KACHITIDWE KACHE

Sikufunika kuononga nkhuni, zimene zikusowa kale m'madera ambiri. Tungani ndowa ziwiri m'mawa ndi kuziika padzuwa. Pofika masana madzi afunda okha. M'nyengo yozizira onjezani ketulo imodzi ya madzi a pamoto ndi kuvundula bwino. Musanamthire garu, viikani chigongono chanu m'ndowamo: ngati simumva kuzizira ndipo simumva kutentha, madziwo ali bwino. Muziyesa nthawi zonse, pakuti m'mwezi wa Okutobala ndowa yachitsulo yokhalitsa padzuwa imatentha kopitirira.

Yambani kuthira ku miyendo, kukwera kumsana, ndipo mutu ukhale womaliza. Madzi asalowe m'makutu kapena m'maso. Sopo akhale wosambira wamba kapena wa agaru weni weni. Sopo waufa wochapira zovala amatupitsa khungu. Ndowa yachiwiri ndi yotsukuluza, ndipo mutsukuluze kufikira thovu lonse litatha, pakuti sopo wotsalira amayabwa. Mukatha mumpukute ndi chiguduli choyera ndi kummanga pa udzu, pamalo opanda mphepo, kufikira atauma, chifukwa mukammasula ali wonyowa adzakagubuduka m'fumbi. Kamodzi pa mwezi nkokwanira. Kumsambitsa kawiri kawiri kumachotsa mafuta a khungu lache ndi kuliumitsa.

Musatume ana kukamsambitsira kudambo kapena kumtsinje, kumene angatenge likodzo, ndipo musamsambitsire pafupi ndi chitsime chimene mudzi umamwapo.

ZIMENE SIZIYENERA KULOWA M'NDOWA

Pano tilankhule ndi inu alimi a fodya makamaka. Ena amanyika masamba kapena zinyenyeswa za fodya m'madzi ndi kusambitsira garu, poti fodya amapha tizirombo. Inde amapha, pakuti muli ululu wochedwa nikotini, koma ululu umenewo umalowanso pa khungu. Amene anathyolapo fodya wonyowa ndi mame namva chizungulire ndi nseru wadziwa kale mphamvu yache. Garu ndi wochepa thupi kuposa inu, ndiponso amadzinyambita. Angathe kuchucha dovu, kusanza, kunjenjemera ndi kufa tsiku lomwelo. Chimodzimodzinso mankhwala opopera fodya, a mbozi za m'chimanga, a anankafumbwe a m'nkhokwe, parafini ndi mafuta akuda otsala m'galimoto: zonsezi si za pa thupi la garu. Ngati muli ndi mankhwala a nkhupakupa za ng'ombe, musayerekeze muyeso wache ndi maso. Funsani mlangizi wa ziweto ngati ali oyenera garu. Akuru anati garu wamkota sakandira pachabe. Garu wanu akamadzikanda usana ndi usiku, ubweya ndi kumasosoka, kapena ndi mphere, ndipo mphere siichoka ndi madzi a mtundu uli wonse koma ndi mankhwala ache.

PAMENE MADZI OZIZIRA APULUMUTSA MOYO

Lamulo lathu liri ndi malire ache. Garu satuluka thukuta thupi lonse monga munthu; amadziziziritsa potulutsa lilime ndi kupuma wefuwefu. M'miyezi ya Okutobala ndi Novembala, makamaka ku chigwa cha Shire monga ku Chikwawa ndi ku Nsanje kumene kutentha kumapitirira madigiri 40, garu womangidwa padzuwa kapena wochokera ku uzimba angathe kugwa ndi kutentha. Adzapuma movutika, kudzandira ndi kugona pansi osadzuka. Pamenepo musafune za madzi ofunda. Mumnyamulire pamthunzi, mumthire madzi ozizira thupi lonse kopanda kuchedwa, ndi kumkupiza kuti mphepo imuombe. Musamfunditse nsaru yonyowa, pakuti imatsekera kutentha. Akayamba kutsitsimuka mumpatse madzi akumwa pang'ono, ndipo mupite naye kwa dotolo wa ziweto.

Palinso nthawi ina imene simuyenera kudikira kuti madzi afunde. Garu akaluma munthu, tsukani balalo pomwepo ndi sopo ndi madzi ambiri amene ali pafupi, kwa mphindi 15, ndipo wolumidwayo apite kuchipatala tsiku lomwelo, chifukwa chiwewe chikayamba kuonekera pa munthu sichichizika. Kusamba sikuletsa chiwewe. Chimene chimaletsa ndi katemera, ndipo garu ali yense alandire chaka ndi chaka. Garu amene wasintha khalidwe mwadzidzidzi ndi kumachucha dovu musamgwire kuti mumsambitse. Mumtsekere ndi kuuza mlangizi wa ziweto.

Tsono alimi anzathu, pa Loweruka likudzali, musanapite kudimba, ikani ndowa ziwiri padzuwa. Pobwera muyese madziwo ndi chigongono, muitane ana aone kachitidwe kache, ndipo musaiwale chiguduli cha pakhonde.