Woledzera akagunda mlimi, alipire ndi iye

Alimi anzathu, nyengo yogulitsa mbewu ikafika misewu imadzaza ndi ngolo, njinga ndi anthu osenza katundu. Nthawi yomweyo ndi pamene ndalama zimayenda ndipo mowa umavuta. Pa msewu wa M1, m'malo ngati Lizulu, Bembeke ndi Jenda, mlimi amagulitsa mbatata ndi tomato m'mphepete mwenimweni mwa phula. Dalaivala woledzera akaphonya msewu, woyamba kugundidwa ndi iyeyo.

Chotikwiyitsa n'chakuti ngozi ikachitika, mwini galimoto amabwera ndi thumba la chimanga kapena bokosi la maliro, n'kunena kuti tikambirane pachiweniweni. Banja limalandira, nkhani n'kuthera pomwepo. Koma mwendo wathyoka, munda wagonera, ng'ombe yokoka ngolo yafa, ana asiya sukulu. Kodi thumba limodzi la chimanga lingalipire zonsezi? Ichi si chipepeso, uku n'kutseka pakamwa munthu wosauka.

Ena amati ngozi ndi tsoka, palibe amaifuna. Ife tikukana. Munthu amene wamwa mowa n'kugwira chiwongolero wachita kusankha yekha. Lamulo la zapamsewu la 1997 limaletsa kuyendetsa galimoto munthu ataledzera, ndipo limalamula kuti galimoto iliyonse ikhale ndi inshuwalansi yolipirira anthu ena amene yawavulaza kapena kuwapha.

Dziwani kuti milandu ndi iwiri. Woyamba ndi wa boma: apolisi amatengera dalaivala kukhoti, ndipo chindapusa chimene amalipira chimalowa m'thumba la boma osati la wovulala. Wachiwiri ndi wanu, wopempha chipukuta misozi pa ululu, ndalama za kuchipatala, katundu wowonongeka ndi ntchito imene simungathenso kugwira. Mukhoza kusumira dalaivala, bwana wake ngati anali pantchito, komanso kampani ya inshuwalansi mwachindunji. Munthu akamwalira, amene ankadalira thandizo lake ali ndi ufulu wosuma.

Koma ufulu umenewu uli ndi nthawi yake. Kusumira kampani ya inshuwalansi mwachindunji kumatha pakapita zaka ziwiri, ndipo mlandu wa kuvulala suyenera kudutsa zaka zitatu. Choncho musazengereze. Lembani nambala ya galimoto ndi mayina a mboni. Kanenenitu kupolisi ndipo muumirire kuti dalaivala ayezedwe mowa tsiku lomwelo, chifukwa mawa umboni wauluka. Tengani lipoti la apolisi ndi la dokotala, sungani malisiti onse. Musasainire kapena kudinda chala papepala limene simunalimvetse. Chenjerani ndi madobadoba amene amazungulira m'zipatala n'kumalonjeza kuti akuyendetserani nkhani, mapeto ake ndalama zochuluka n'kudya iwowo. Ngati mulibe ndalama za loya, pitani ku ofesi ya Legal Aid Bureau, imene boma lidaikhazikitsa kuti izithandiza anthu osowa.

Tisaiwalenso za matola. Mukakwera pamwamba pa matumba m'lole yonyamula katundu, kampani ya inshuwalansi ikhoza kukana kulipira ponena kuti galimotoyo sidalembetsedwe kunyamula anthu. Dalaivala akamanunkha mowa, tsikani. Kuli bwino kufika mochedwa kumsika.

Kwa boma tikuti apolisi apamsewu akhale ndi zida zoyezera mowa m'misika ya kumidzi, osati m'mizinda mokha. Lipoti la ngozi lisachedwe, ndipo wovulala asapemphedwe kangachepe kuti alilandire. Aphungu athu aganizirenso zokhazikitsa thumba lothandizira ovulala pangozi zapamsewu monga lija la ku South Africa, limene ndalama zake zimachokera pamsonkho wa mafuta, kuti amene wagundidwa ndi galimoto yothawa kapena yopanda inshuwalansi asafere m'nyumba.

Kwa makalabu athu, nkhaniyi ikambidwe pamsonkhano ukubwerawu. Membala akavulala, musankhe anthu awiri omuperekeza kupolisi ndi kuchipatala mpaka mapepala onse atakwana. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Tikakhala chete, woledzera adzagundanso wina mawa.